Fakitale yatseka, koma tisadzaze nyumba ndi masipeya

Chitsekereni fakitale ya galimoto ya pa Williams Parkway kuno ku Brampton mu Disembala 2023, pali mphekesera ina imene ikukana kufa pakati pathu. Imamveka potuluka m'tchalitchi, imamveka m'galimoto popita kumunda ku Caledon, imamvekanso pa nkhomaliro m'minda ya anyezi ndi kaloti ku Holland Marsh. Akuti amene ali ndi Dodge Charger, Chrysler 300 kapena Grand Caravan agule masipeya msangamsanga n'kuunjika m'nyumba, chifukwa posachedwa adzasowa ngati petulo kwathu. Ena amva ndipo ayamba kale. Malipiro a sabata yathunthu akuthera pa mabuleki, malamba, batire ndi pampu ya madzi, zonse n'kukankhira kunsi kwa bedi, galimoto ili bwinobwino panja.

Ife tikuti ayi, ndalama imeneyo ikulowera kolakwika.

Sitikuseka munthu, chifukwa mantha amenewa tidabwera nawo m'chikwama. Tidakulira kumene chinthu ukachiona lero pa Biwi ku Lilongwe kapena mumsika wa Ndirande umagula lero lomwelo, poti mawa chikhala chitakwera mtengo kapena chitatheratu. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ali ndi m'bale woyendetsa minibasi akudziwa zomwe zidachitikira mitengo ya masipeya. Tidaonapo minibasi itakhala pa miyala miyezi ingapo kudikira kachitsulo kamodzi kochokera ku Dubai kapena ku Joni. Tidaonaponso Peugeot 404 ya agogo itasanduka khola la nkhuku. Munthu wotere ukamuuza kuti galimoto yake adasiya kupanga, nzeru yoyamba imene imamufikira ndi ya nkhokwe: kolola, sunga, njala ikubwera. Nzeruyo ndi yabwino pa chimanga. Pa galimoto za kuno, nkhani yake ili pena.

Tiyambe ndi zomwe zidachitikadi. Fakitale ya ku Brampton idamangidwa ndi kampani ya American Motors m'zaka za m'ma 1980, ndipo Chrysler idaitenga mu 1987. Kuyambira 2004 inkatulutsa Chrysler 300, kenaka Charger, ndipo mu 2008 idaonjezera Challenger. Zonsezi zidalekeka mu Disembala 2023. Eni ake a lero, a Stellantis, adalonjeza kukonza fakitaleyo kuti izipanga Jeep Compass, koma ntchito yokonzayo idaima mu Febuluwale 2025, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho adalengeza kuti Compass ikapangidwira ku Belvidere, m'chigawo cha Illinois ku America. Anthu pafupifupi 3,000 a m'bungwe la ogwira ntchito la Unifor ndiwo adatsala m'malere. Amenewo ndiye ali pa vuto lenileni, ndipo ena mwa iwo ndi eni nyumba zomwe timachita lendi. Grand Caravan, imene ambirife timadalira chifukwa imanyamula anthu asanu ndi awiri ndi majombo awo omwe, siinkapangidwa n'komwe kuno. Inkachokera ku Windsor, ndipo idalekeka mu Ogasiti 2020.

Tsono apa ndi pamene kandimverere adakanena za m'maluwa. Fakitale ngati imeneyi ntchito yake yaikulu ndi kulumikiza galimoto. Mabuleki, mafyuluta, mapulagi, mashoko ndi malamba amapangidwa ndi makampani ena ambirimbiri, ndipo makampaniwo sayang'ana ngati fakitale ili yotsegula. Amayang'ana kuti galimoto za mtunduwo zikadali zingati pamsewu. Taimani pa Queen Street kapena pa Steeles mphindi khumi zokha muwerenge ma Grand Caravan odutsa. Galimoto imeneyi idakhala zaka zambiri ikugulidwa kuposa ina iliyonse ya mtundu wake m'Canada muno, ndipo thupi lake lomaliza lidapangidwa kuyambira 2008 mpaka 2020 osasintha kwenikweni. Ili ndi mapasa ake, Chrysler Town & Country ndi Volkswagen Routan, omwe zitsulo zambiri amabwerekana. Charger nayo apolisi a m'mizinda yambiri kuno ndi ku America adaigula mwaunyinji. Wamalonda wanji angasiye kupanga katundu amene ogula ake ali mbwee chonchi?

Injini ndiye nkhani yosavuta kwambiri. Kuyambira 2011, Grand Caravan komanso ma Charger ndi ma 300 ambiri ali ndi injini imodzi, ya malita 3.6 yotchedwa Pentastar. Injini ya banja lomweli ili mu Jeep Wrangler, mu Grand Cherokee, mu Dodge Journey ndi mu Ram 1500. Sikuti chitsulo chilichonse chimalowana, ayi, n'chifukwa chake wogulitsa amafunsa chaka ndi nambala ya galimoto. Koma kunena kuti za injini imeneyi zisowa posachedwa kuli ngati kunena kuti ku Malawi kusowa masipeya a Toyota Hiace.

Umboni wina uli pamsewu pomwepa. Dzina la Pontiac lidafa mu 2010, koma mpaka lero mukalowa mu Canadian Tire, PartSource kapena NAPA kufunsa mabuleki a Pontiac Vibe, amakupatsani, nanga si m'kati mwake ndi Toyota Matrix. Kumene mantha ali ndi maziko ndi pa galimoto zomwe zidagulidwa zochepa ndipo kampani yake idachoka kapena idagwa. Saab idagwa mu Disembala 2011. Suzuki idasiya kugulitsa galimoto m'Canada muno chakumapeto kwa 2013 ndi 2014. Amene ali ndi zimenezo akhoza kudikira masabata kuti nyali kapena galasi lifike. Ngati wina akukutsatsani yotere motchipa pa Kijiji kapena pa Facebook, kutchipako kuli ndi chifukwa chake.

Palinso mbali ina ya mphekeserayi, yoti lamulo limakakamiza kampani kusunga masipeya zaka khumi, ndipo zikangotha basi chitseko chatsekedwa. Kuno ku Ontario kulibe lamulo lotere. Chimene chimasunga masipeya m'sitolo ndi phindu. Tivomereze chinthu chimodzi: mitengo ikhoza kukwera, makamaka chiyambireni mkangano wa msonkho pakati pa America ndi Canada mu 2025, pamene boma la Donald Trump lidaika msonkho wa 25 peresenti pa galimoto zolowa m'dziko mwawo, Canada n'kubwezera. Zitsulo za galimoto zimadutsa malire kangapo zisadafike m'sitolo, choncho mkangano wotere sungatisiye osatikhudza. Koma kukwera mtengo ndi kusowa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuopa kuti chinthu chidzakwera ndi madola khumi si chifukwa chotsekera madola mazana asanu m'katoni.

Ndipo katoniyo ili ndi anankafumbwe ake. Batire likangokhala osagwira ntchito limatha mphamvu pang'onopang'ono, ndipo likakhalitsa lili lofooka limaonongekeratu, chitsimikizo cha kusitolo chikutha masiku lili pansi pa bedi. Chilichonse cha labala, kaya ndi lamba, mapaipi a madzi kapena matayala, chimauma n'kuyamba ming'alu ngakhale chisadagwirepo ntchito. Pa tayala lililonse pali manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka chimene lidapangidwa, ndipo zaka zake zimawerengedwa kuyambira pamenepo, osati tsiku lomwe mwalimanga. Mafuta a mabuleki botolo likatsegulidwa amayamwa chinyezi. Zitsulo za mabuleki zimachita dzimbiri. Nanga ambirife tikukhala kuti? M'zipinda zapansi, momwe chinyezi sichichoka, momwenso madzi adalowa m'nyumba zambiri za m'dera la Toronto pa mvula ya pa 16 Julaye 2024. Kusunga mabatire ndi zigubu za oyilo m'chipinda chogona ana, pafupi ndi ng'anjo yotenthetsera nyumba, ndi kuitana tsoka lina pothawa lina.

Chachikulu koposa n'chakuti sitidziwa chimene chidzaphe galimotoyo. Kuno galimoto zambiri sizifa ndi kusowa kwa sipeya. Zimafa ndi mchere womwe amathira m'misewu nyengo yozizira, umene umadya kunsi mpaka chitsulo kubooka, kapena zimafa pa ngozi, a inshuwalansi n'kunena kuti kukonza kwaposa mtengo wa galimoto. Tsiku limenelo katundu yense wa pansi pa bedi amasanduka wogulitsa mokakamiza, theka la mtengo ngati mwachita mwayi. Enanso mwa ife tili pa chiphaso cha ntchito chomangidwa kwa bwana mmodzi. Nyengo ikatha, kapena bwana akapanda kukuitananso, ulendo wa kumudzi umabwera osagogoda. Masipeya a Dodge mudzapita nawo kuti? Kwathu timayenda kumanzere, chiwongolero chili kumanja, ndipo galimoto zodzaza m'misewu ndi zochokera ku Japan. Makaniko wa ku Mchesi adzangoyang'ana pampu yanuyo n'kukubwezerani.

Tiwerengetse bwino. Pa 1 Okutobala 2025 malipiro otsikitsitsa ku Ontario adafika pa $17.60 pa ola. Masipeya a $500, kuphatikiza msonkho wa 13 peresenti, ndi maola oposa 30 munthu atawerama m'mizere. Ndi fizi ya mwana kumudzi imeneyo, ndi feteleza wa amayi, ndi inshuwalansi ya mwezi muno mu Brampton momwe inshuwalansi ya galimoto ili m'gulu la zodula kwambiri m'chigawo chonse. Ndalama ikakhala ku banki imagula chilichonse chimene chathyoka. Ikasanduka pampu ya madzi imangodikira kuti pampu ya madzi ithyoke, pamene mwina chomwe chidzafe ndi giyabokosi.

Wina anena kuti, inu mukulankhula za sitolo, koma galimoto ikafa Lachiwiri m'mawa nthawi yokolola, anthu asanu ndi mmodzi ataya tsiku. N'zoona, ndipo ili ndiye dandaulo lomveka pa onse. Kumunda timalipidwa pa ola, ndipo basi ya mumzinda siifika kumene kuli minda. Koma chimene chimatayitsa tsiku kawirikawiri si kusowa kwa sipeya, poti zambiri zimapezeka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Chimatayitsa tsiku ndi kusowa ndalama yolipira makaniko ndi galimoto yokoka. Ngati anthu asanu ndi mmodzi akukwera galimoto imodzi, bwanji osachita ngati banki m'khonde, aliyense kuponya kangachepe sabata iliyonse m'thumba la galimotoyo, n'kulemba m'kope kuti pasadzakhale mkangano? Mutu umodzi susenza denga, ndipo si chilungamo kuti mwini galimoto azisenza yekha pamene onse amadyera momwemo.

Zilipo zochepa zoyenera kukhala nazo, ndipo sizidzaza ngakhale thumba la Shoprite. Kiyi wachiwiri adulitseni pamene woyamba akugwira ntchito, chifukwa makiyi a galimoto zimenezi ali ndi kachipangizo ka kompyuta m'kati, ndipo mukataya yekhayo mtengo wake mudzaumva. Mafyuzi, mababu, zingwe zolumikizira batire ndi kamakina kopopera matayala zizikhala m'galimoto momwemo. Matayala a nyengo yozizira ndi ofunika kuposa sipeya aliyense, ndipo kuyambira 2016 makampani a inshuwalansi ku Ontario amayenera kutsitsako mtengo kwa amene wawamanga, koma muyenera kuwauza nokha. Kupopera mafuta oteteza dzimbiri kunsi kwa galimoto chaka chilichonse kumatalikitsa moyo wake kuposa katoni iliyonse ya zitsulo.

Zomwe zimayamba kuvuta galimoto ikakalamba ndi za thupi: nyali zakumbuyo, magalasi a m'mbali, zogwirira zitseko, timawilo ta chitseko chotsetsereka. Zimenezi ndiye za kusikilapu. Malo ngati Kenny U-Pull umapita ndi masipanala ako, n'kumasula wekha, n'kulipira pachipata, ndipo ma Caravan akufa amakhala ali ndandanda. Ngati nyali yanu yang'aluka kale, kagule. Ngati siidang'aluke, isiyeni komweko, akusungirani ndi iwowo, mosalipiritsa lendi. Zamagetsi zokhala ndi kompyuta musathamangire, chifukwa zambiri zimafuna kuti makaniko azigwirizanitse ndi galimoto yanu, ndipo sikilapu zina salola kubweza.

Popita kulikonse tengani nambala ya galimoto ija ya zilembo ndi manambala 17, yomwe ili pakona ya galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala komanso pa chikalata cha umwini. Ikayamba ndi 2 ndiye kuti galimotoyo idapangidwa m'Canada muno, ndipo malo a khumi amasonyeza chaka chake. Nambala yomweyo ndi yofufuzira ngati kampani idaitanitsa galimotoyo kuti ikakonzedwe vuto lochokera kufakitale. Mndandanda wa mavuto otere uli pa tsamba la Transport Canada, ndipo wogulitsa galimoto za Dodge ndi Chrysler aliyense akhoza kukuonerani.

Izi tikuzinena chifukwa cha chinthu chimodzi chimene sitiyenera kugula kusikilapu kapena kwa munthu wamba zivute zitani, ndicho airbag, chithumba chija chimafufuma pa ngozi. Ma Charger, Magnum, Challenger ndi 300 a zaka za 2005 mpaka 2010, opangidwa konkuno ku Brampton, adatuluka ndi ma airbag a kampani ya Takata. Mankhwala ofufumitsira m'kati mwake amaonongeka ndi zaka, kutentha ndi chinyezi, moti pa ngozi yaing'ono chitini chake chimatha kuphulika n'kumwaza zidutswa za chitsulo kumaso ndi pakhosi pa dalaivala. Anthu adafa nazo, ndipo mu Novembala 2022 kampani idauza eni galimoto zoterezi ku America kuti asiye kuziyendetsa kufikira zitakonzedwa. Galimoto za zaka zimenezo ndi zomwe zimagulitsidwa motchipa lero, ndi zomwenso ife timagula, kawirikawiri kwa mwini wachitatu kapena wachinayi amene kalata ya kampani siidamupeze. Kusintha airbag yotere n'kwaulere, ngakhale galimotoyo mudagula kwa munthu pamsewu, ndipo kumangofuna foni imodzi kwa wogulitsa ndi nambala ija m'manja.