Mwana Avule Nsapato pa Mphasa, Azivale Pabwalo

Makolo ena amaganiza kuti mwana akangoyamba kuyenda ayenera kukhala m'nsapato tsiku lonse. Ena amangomleka kuyenda wosavala paliponse. Njira zonse ziŵirizi zili ndi vuto, pakuti phazi la mwana limafuna ufulu ndiponso chitetezo.

Phazi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 26. Mwa khanda mafupaŵa amakhala akali ofeŵa, ndipo kunsi kwa phazi kumakhala mafuta, nchifukwa chake limaoneka lophwatalala. Kunsiko kumayamba kukumbika pang'onopang'ono kufikira mwana atakwana zaka ngati 6, ndipo minofu imalimba ikamagwira ntchito. M'chaka cha 1992 madokotala a ku India, Rao ndi Joseph, anafalitsa zimene anapeza atapima ana 2,300. Mwa ana 100 alionse ovala nsapato, pafupifupi 9 anali ndi mapazi ophwatalala. Mwa osavala anali pafupifupi 3 okha.

Choncho nkoyenera kuti mwana wa zaka 2 kapena 3 aziseŵera wosavala nsapato. Maseŵera ake safuna ndalama. Ayende monyang'ama kuchokera kumutu kwa mphasa kufika kumiyendo, abwerere akuyendera zidendene. Aimirire ndi zala za kumapazi kuti afikire chinthu chimene mayi wanyamula m'mwamba. Atole kansalu ndi zala zomwezo, kapena agubuduze chitsononkho kunsi kwa phazi. Mphindi zochepa tsiku ndi tsiku nzokwanira.

Koma funso lalikulu ndi lakuti: akuponda pati? Pamene anthu amachita chimbudzi patchire, mazira a njoka za m'mimba zoyamwa magazi amaswa m'dothi lachinyezi ndi lamthunzi. Timphutsi take timaboola khungu la phazi, ndipo pomaliza timakakhala m'matumbo. Mwanayo amachepa magazi, amafooka, ndipo sakula bwino. Kusesa pabwalo sikupha timphutsiti. M'fumbi louma, makamaka pafupi ndi makola, mumabisala matekenya.

Motero maseŵeraŵa achitike pa mphasa yoyera kapena pansi pa simenti. Popita kuchimbudzi, kudimba kapena kukhola, mwana avale nsapato zofeŵa, zosathina zala. Banja lililonse likhale ndi chimbudzi, ndipo chonyansa cha mwana chitayidwe momwemo.

Mwana amene akungoyendera zala nthaŵi zonse atapitirira zaka 3, kapena amene chidendene chake sichifika pansi, atengeredwe kusikelo ya ana kuti akapimidwe.