Musanagwetse khoma lija, dziwani kuti zilolezo ndi ziwiri

Munthu ukangogula nyumba kuno ku Springburn, maso amayamba kuona zoperewera. Khitchini yachepa, ana akula ndipo aliyense akufuna chipinda chake, galaja yangodzaza ndi masutikesi odikira ulendo wa kumudzi. Ndiye wina pa gulu la WhatsApp amati, "Zam'kati mwa nyumba sizifuna planning permission, ingoitanani womanga basi." Nthawi zambiri mawuwa amakhala oona ndithu, koma amasiya chilolezo chachiwiri, ndipo chimenecho ndiye chimaluma.

Zilolezo zonse ziwiri zimachokera ku Glasgow City Council, koma malamulo ake ndi osiyana, ndipo oziona ndi anthu osiyana. Planning permission imachokera pa lamulo la 1997, ndipo nkhani yake ndi ya kunja: chimene mukumangacho chioneka bwanji pamsewu, chitchinga dzuwa la aneba kapena ayi, zenera lanu lisuzumira m'chipinda mwawo kapena ayi. N'chifukwa chake mukapempha, khonsolo imalembera aneba onse amene ali mkati mwa mamita 20 ndi kuwapatsa masiku 21 oti anene zakukhosi. Ntchito zing'onozing'ono zambiri pa nyumba yoima payokha zimaloledwa popanda kupempha, koma ngati mukukhala m'fulati, ngakhale m'nyumba zija za mabanja anayi, ufulu umenewu ndi wochepa kwambiri.

Building warrant ilibe nazo ntchito za aneba. Iyo imachokera pa Building (Scotland) Act 2003, ndipo imafunsa ngati denga ligwera ana, ngati moto ukabuka usiku muli potulukira, ngati chipinda chili ndi mpweya wokwanira komanso chikusunga kutentha. Kuchotsa khoma limene lanyamula nyumba, kusandutsa galaja kapena kudenga kukhala chipinda chogona, zonsezi zimafuna warrant ngakhale a planning atakuuzani kuti kwawo kulibe chopempha. Ndipo kukhala ndi chilolezo chimodzi sikutanthauza kuti chinacho mwapatsidwa. Pa intaneti pomwe, pa eDevelopment.scot, makomo ake ndi awiri: ePlanning ndi eBuildingStandards.

Apa ndi pamene malangizo a achimwene a ku Leicester kapena ku Manchester amatisokoneza. Ku England munthu akhoza kungodziwitsa khonsolo ndi building notice, n'kuyamba ntchito patapita masiku awiri. Kuno njira imeneyo kulibe. Warrant iyambe yatuluka, kenako nyundo, ndipo kuyamba ntchito isanatuluke ndi mlandu. Ikatuluka imagwira ntchito zaka zitatu. Ntchito ikatha mumapereka completion certificate, ndipo khonsolo iyenera kuivomereza musanayambe kugonekamo munthu. Udindo umenewu ndi wa mwini nyumba. Womanga akanena kuti "musadandaule, ndimapanga zimenezi daily", mumufunse nambala ya warrant, chifukwa iye akalandira zake wapita, nyumba yatsala m'dzina lanu.

Ambirife timaganiza kuti poti palibe waona, nkhani yatha. Mwina zaka zipitadi osamva kanthu. Koma tsiku limene mudzafune kugulitsa, kuti mukamalize nyumba ija ya ku Area 49 kapena ku Chilomoni, loya wa wogula adzafunsa mapepala a khoma lililonse limene linasuntha. Mukadzapempha warrant ntchito itayamba kale, mtengo wake umawirikiza kawiri. Mukadzapereka setifiketi ntchito itatha popanda warrant, katatu. Kuwonjezera apo akhoza kukuuzani kuti mutsegule siling'i kapena khoma lomwe munapenta bwinobwino kuti aone chitsulo chimene chili mkati, ndipo adzayeza ndi malamulo a tsiku limenelo, osati a chaka chimene munamanga. Wogula wina sadikira zonsezi, amangopita kwina.

Ineyo ndimaona kuti ndalama ya wojambula mapulani ndi injiniya ndi imene sitiyenera kuumira, makamaka m'matenementi akale, momwe khoma la m'khitchini mwanu mwina ndi limene lanyamula pansi pa banja la pamwamba. Ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, kaya ya ng homes kaya ya munthu, pali chilolezo chachitatu cha eni ake, cholembedwa, musanapite n'komwe ku khonsolo. Amene munagula fulati, werengani title deeds zanu ndipo mufunse factor, chifukwa denga ndi makoma akunja kawirikawiri si zanu nokha.