Kamtsinje ka uranium kangapirire, koma anthu asagone

Pa 11 Malichi 2011, tsunami inazimitsa magetsi pamalo opangira mphamvu ya nyukiliya a Fukushima Daiichi ku Japan, ndipo madzi oziziritsa anasiya kuyenda. Timapaipi ta zirconium tosungiramo uranium tinayamba kutentha. Kutentha kukafika pafupifupi madigiri 1,200, chitsulo chimenechi chimalanda okosijeni wa mu nthunzi mofulumira n'kusiya haidrojeni. Mpweya umenewu ndi umene unaphulitsa nyumba zitatu pa 12, 14 ndi 15 Malichi. Anthu oposa 100,000 anasamutsidwa m'makwawo.

Kuchokera pamenepo, akatswiri alimbikira kufufuza timapaipi ta silicon carbide, yomwe ili m'gulu la zoumba zowotcha ngati mbale zadothi, koma yolimba kwambiri. Ikakumana ndi nthunzi yotentha, imapanga kachikopa ka silica kamene kamachedwetsa kudyeka, ndipo haidrojeni amatuluka wochepa. Vuto lake ndi lakuti m'madzi otentha a tsiku ndi tsiku a mu reactor, silica amasungunuka pang'onopang'ono. N'chifukwa chake amakuta kunja kwake ndi zinthu monga chromium, kenako amaika timapaipito m'ng'anjo ya nthunzi kuti aone ngati chokutiracho sichisweka kapena kusupuka.

Kafukufukuyu ndimamuyamikira, koma dzina lomwe amapatsa zipangizozi, lakuti "zopirira ngozi", limandidetsa nkhawa. Wandale akalimva akhoza kuganiza kuti ngozi yatha. Ayi. Ngakhale reactor itazimitsidwa, uranium wogwiritsidwa ntchito amapitiriza kutulutsa kutentha. Kapaipi kabwino kamangopatsa ogwira ntchito nthawi yowonjezera yoti abwezeretse madzi. Ngati madziwo sabwera, mapeto ake sakhala abwino.

Komiti yodziimira payokha yomwe nyumba ya malamulo ya Japan inakhazikitsa inanena mu 2012 kuti ngozi ya Fukushima inachitika chifukwa cha anthu: kampani ndi oyang'anira anadziwa za chiopsezo koma anazengereza. Palibe chromium yomwe ingakute ulesi wotere.

Anzanga, tisati nkhaniyi ndi ya kutali. Uranium wa ku Kayelekera ku Karonga ndi wopita m'timapaipi ngati timeneti. Ife ophunzira mbiri, malamulo ndi utolankhani tiphunzire kufunsa funso limene ng'anjo ya nthunzi singayankhe: nthawi yowonjezerayo ikapezeka, adzaigwiritse ntchito ndani, ndipo akalephera adzamuimba mlandu ndani?