Chikomekome cha mkuyu: mawu a Chingerezi onena za kuyamba

Akuluakulu akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu uyenera kukumbukiridwa ndi aliyense wolemba kalata, chidziwitso kapena chimangirizo m'Chingerezi, pakuti pakati pa anthu ophunzira padabuka nthenda yokonda mawu onona. Munthu akafuna kulengeza kuti msonkhano wa makolo uyamba 9 koloko m'mawa, amaona ngati mawu akuti "begin" ndi "start" ndi a anthu osauka, ndipo amathamangira "commence", poganiza kuti akatero anthu adziwa kuti sukulu adapita nayo patali. Maganizo otere ndi olakwika, ndipo adzukulu ayenera kudziwa chifukwa chake asanatengere chizolowezicho.

Mawu ali ngati anthu: ali ndi kwawo, ali ndi mbiri, ndiponso ali ndi ntchito yawoyawo. "Begin" ndi mwini mudzi m'Chingerezi, pakuti adalipo kuyambira masiku a Anglo-Saxon, zaka zoposa 1,000 zapitazo. Omasulira Baibulo la King James m'chaka cha 1611 sadachite nawo manyazi, ndipo pamene Buku Lopatulika limatsegula ndi "pachiyambi", iwo adaikapo "beginning". Ngati mawu amenewa adakwanira kufotokoza kulengedwa kwa kumwamba ndi dziko lapansi, angalephere bwanji kufotokoza msonkhano wa makolo?

Nawonso "start" ndi akale, koma poyamba ankatanthauza kudumpha modzidzimuka, monga achitira gwape akamva mtswatswa kuthengo. Kadzidzi kameneka kadakalimo mpaka lero. Ichi ndicho chifukwa chake Mngerezi amagwiritsa ntchito "start" pouza dalaivala kuti alize galimoto, kapena mwini chigayo kuti alize injini, ndipo wonena "begin" pamenepa amasekedwa. Mchewa sangadabwe nazo, chifukwa naye amasiyanitsa: galimoto amaliza, moto amakoleza, nyimbo amayamba, mkangano amautsa, ndipo bungwe amakhazikitsa. Palibe amene amakoleza nyimbo kapena kuliza bungwe.

Tsono "commence" ndi mlendo wobwera ndi nkhondo. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy adagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chidakhala chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi m'mabwalo a milandu. Anthu wamba adapitiriza kulankhula Chingerezi chawo kumunda ndi kumsika, koma aliyense wofuna kuoneka wapamwamba ankabwereka mawu kwa olamulira. M'chaka cha 1362 mudakhazikitsidwa lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi, komabe mawu ambiri a Chifalansa anali atamera kale mizu, ndipo "commence" ndi amodzi mwa iwo. Motero wokonda mawu amenewa popanda chifukwa akungotengera mantha a anthu ogonjetsedwa amene ankanyoza chilankhulo cha amayi awo.

Izi sizikutanthauza kuti "commence" alibe malo. Malo awo ndi m'malamulo ndi m'miyambo yaulemu. Lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo limakhala ndi tsiku lotchedwa "commencement", pamene limayamba kugwira ntchito, ndipo loya woyambitsa mlandu kubwalo angawalembe popanda womudzudzula. Ku America mawu omwewa amatanthauza mwambo wolandira madigiri. Koma mkanjo wa woweruza milandu savalira ku dimba. Kulemba kuti mpira wa anyamata kapena phala la ana a sukulu lichita "commence" ndi kuvala mkanjo pokathirira mpiru.

Palinso mawu ena atatu amene akuvutitsidwa koposa. "Initiate" adachokera ku Chilatini, ndipo amanena za kuyambitsa chinthu chimene ena adzapitiriza, kapenanso kulowetsa munthu m'gulu la odziwa zinsinsi. N'chifukwa chake chinamwali pa Chingerezi amachitcha "initiation". "Inaugurate" adachokera kwa ansembe a ku Roma otchedwa "augur", amene ankayang'ana kaulukidwe ka mbalame kuti adziwe ngati milungu yavomereza munthu kulowa pa udindo. Lero mawuwa amayenera polumbiritsa mtsogoleri wa dziko, monga momwe kulonga ufumu kumayenera mfumu yokha. "Launch" poyamba ankatanthauza kuponya mkondo, kenako kukankhira chombo m'madzi. Sitima ya Ilala, imene idapangidwa ku Scotland ndi kubwera nayo m'zidutswa, itayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi m'chaka cha 1951, mawu amenewa adagwera pamalo pake: chombo chidalipo, madzi adalipo, ndipo chidayandama anthu akuona.

Apa ndiye pali nyerere za m'kati mwa mkuyu. Mkondo ukaponyedwa subwerera m'manja, ndipo chombo chikalowa m'madzi chimayenda. Koma "launch" wa masiku ano nthawi zambiri ndi tenti, mipando, zokuzira mawu, magule ndi zakumwa, pamene mjigo wonenedwawo sunakumbidwe ndipo njerwa ya chipatala sinaumbidwe ngakhale imodzi. Alendo olemekezeka akakwera magalimoto awo, amayi amabwerera kukatunga madzi kudambo komwe kuja. Wokonza mwambowo akadakakamizidwa kulankhula m'mawu wamba, akadayenera kusankha pakati pa "tayamba kukumba" ndi "sitinayambe", ndipo bodza likadasowa pobisala. Mawu onona amateteza waulesi, pakuti amamveka ngati ntchito pamene ntchito palibe.

Ena adzatsutsa nati mwana ayenera kuonetsa kuti amadziwa mawu ambiri, makamaka pa mayeso. Kudziwa mawu ambiri n'kwabwino ndithu, koma mmisiri sadziwika ndi kuchuluka kwa zida m'thumba lake. Amadziwika posankha sompho pamene pafunika sompho, ndi nkhwangwa pamene pafunika nkhwangwa. Eni chilankhulocho adaliona kale vutoli. M'chaka cha 1906 abale awiri, Henry ndi Francis Fowler, m'buku lawo la The King's English, adalangiza olemba kukonda mawu odziwika ndi aafupi koposa achilendo ndi aatali. George Orwell adabwereza langizo lomweli m'chaka cha 1946, nachenjeza kuti mawu otupa ndi chida cha andale ofuna kuphimba choona. Ngati eni nyumba akuti chovalacho n'cholemera, mlendo achiumirira chifukwa chiyani?

Langizo kwa adzukulu ndi lalifupi. Pa nkhani, phunziro, pemphero ndi ulendo wa moyo, "begin" akwanira. Pa injini, mpikisano ndi bizinesi, "start" ndiye woyenera. "Commence" asiyidwe kwa oweruza ndi alembi a malamulo, "inaugurate" adikire tsiku lolumbiritsa mtsogoleri, ndipo "launch" asatchulidwe kufikira chombo chitafika pagombe. Safunsa adadya phula. Wokayika afunse mphunzitsi wake kapena atsegule dikishonale. Koposa zonse, mdzukulu wanzeru akamva munthu akulengeza ndi mawu aatali kuti chinthu chayamba, azifunsa mwaulemu kuti amuonetse pamene khasu lagwera.