Mwanamphepo amagwiradi ntchito, ndipo vuto lake n'lomwelo

Pa msika wa Mitundu kapena pa Nathenje simungavutike kupeza wogulitsa mizu ya cham'mimba, ya "kutsuka chiberekero", kaya yoti mayi aime msanga. Ena mwa inu mumaseka, mumati n'zabodza. Ine sindiseka ayi. Zomera zili ndi mphamvu ndithu. LA timamwa tikadwala malungo uja, mbali yake imodzi inachokera ku chitsamba cha Artemisia annua, ndipo Tu Youyou wa ku China analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo.

Funso langa ndi lomwe ndimakufunsani mu labu: mwayeza bwanji?

Tengani mwanamphepo, amene amayi ena oyembekezera amamwetsedwa kuti achire msanga. Amapangitsa chiberekero kukokana mwamphamvu. Kuchipatala nakonso kuli mankhwala ochita zomwezo, oxytocin, koma namwino amawerenga madontho a diripi uku akumvetsera mtima wa mwana, ndipo akaona kuti zanyanya amatseka. Nanga kapu yoti yalowa kale m'mimba mungaitseke bwanji? Komanso mphamvu ya m'kapumo palibe akuidziwa, ngakhale wophikayo. Imatengera kukula kwa muzu, kuchuluka kwa madzi, ndi nthawi imene mphika wakhala pamoto. Madzi akamaphwera concentration ikukwera, za ku Chemistry zomwe zija. Ndiye mwana akhale kuti wagona mopingasa, kapena njira yachepa: force ilipo yambiri, potulukira palibe. Mwana amabanika, chiberekero chimatha kung'ambika, mayi n'kutaya magazi ali kutali ndi fiyeta.

Inu atsikana, yanu ndi iyi. Kupweteka m'munsi mwa mchombo kukhoza kukhala msambo chabe, chotupa pa thumba la mazira, matenda opatsirana pogonana, kapena mimba yokhala m'njira ya dzira, imene ikaphulika imapha. Ululu wake sungakuuzeni kuti n'chiti. Sikani ndiyo imasiyanitsa zambiri mwa izi: imatumiza mafunde a ma hertz mamiliyoni angapo (khutu limalekezera pa 20,000), echo yake n'kujambula zili m'katimo.

Sindikuti mukayambane ndi agogo. Koma achemwali anu akamwa kanthu musanafike ku Mitundu Community Hospital, auzeni anamwino chimene amwa, makapu angati, nthawi yanji. Asanaike diripi amafunika adziwe zimenezo.