Motoka yaitanidwa koma sipeya kulibe: tiyembekeze motani?

Mlimi akagulitsa cimanga, soya kapena fodya wake bwino, kapena parishi ikasonkha ndalama kwa zaka zingapo, kawirikawiri cimene cimagulidwa ndi motoka yakale yocokera ku Japan. Imalowa pa Nakonde kapena pa Chirundu, ndipo ikafika timaizungulira. Timagogoda matayala, timamvetsera injini, timasuzumira pansi kuona ngati mafuta akudontha. Koma si ambiri a ife amene timafunsa za kathumba kamene kanapindidwa mkati mwa ciwongolero ndiponso kutsogolo kwa mpando wa wokwera, kamene amakanika amakacha airbag. Nchito yake ndi kufufuma mwadzidzidzi motoka ikagunda, kuti mutu ndi cifuwa ca munthu zisamenye citsulo. Kapulumutsa anthu osawerengeka. Koma pali mtundu wina wa kathumba aka umene wapha anthu amene unayenera kuwateteza.

Mtunduwu unapangidwa ndi kampani ya ku Japan yochedwa Takata. Kuti kathumba kafufume pamafunika mankhwala amene amayaka msanga m'kacitini kacitsulo ndi kutulutsa mpweya. Ca m'ma 2000 a Takata anayamba kugwiritsa nchito ammonium nitrate cifukwa inali yochipa. Alimi akuidziwa bwino. Ndi imodzimodzi imene ili mu feteleza wobereketsa, imene fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue inadziwika nayo, ndipo ndi imenenso amaphulitsira miyala ku migodi. Aliyense amene anasiyapo thumba la feteleza pa cinyezi adziwa kuti sakhalanso monga anagulidwira. M'motoka namonso, kutentha kwa masana, kuzizira kwa usiku ndi cinyezi ca zaka zambiri zimawononga mankhwalawo. Tsiku la ngozi amayaka mwamphamvu kopitirira, kacitini kamang'ambika, ndipo tizidutswa ta citsulo timalasa nkhope ndi khosi la munthu. Ngozi yaing'ono, imene munthu akanatulukamo ndi kacilonda cabe, imasanduka maliro.

Kampani yopanga mamotoka ikapeza colakwa cotere imaitana eni ake kuti abweze motoka ku galaji ikakonzedwe kwaulere. Kuitana kumeneku ndiko kumachedwa recall. Honda ndiyo inayamba mu November 2008 ndi mamotoka pafupifupi 4,000 cabe. Mu April 2013 Toyota, Honda, Nissan ndi Mazda anaitana mamotoka opitirira 3 miliyoni. Potsiriza, ku America kokha ma airbag pafupifupi 67 miliyoni anaitanidwa, ndipo padziko lonse anapitirira 100 miliyoni. Pofika 2024 boma la America linali litatsimikiza imfa 28 ndi ovulala opitirira 400. Ku Malaysia, dziko lotentha ndi la mvula yambiri, mai wina woyembekezera anamwalira mu 2014 m'motoka ya Honda City. Kampani ya Takata inavomera mlandu wa cinyengo ku khoti la ku America mu 2017, inagwirizana zolipira madola 1 biliyoni, ndipo mu June caka comweco inagwa.

Kuitana motoka nkosavuta, ndi kalata cabe. Vuto linali sipeya. Mu May 2015 ciwerengero cimene cinalengezedwa ku America cinali mamotoka pafupifupi 34 miliyoni, pamene Takata inali kupanga masipeya pafupifupi theka la miliyoni pa mwezi. Werengani nokha: pa liwiro limenelo zikanatenga zaka zopitirira zisanu. Makampani ena monga Autoliv ndi Daicel anathandiza, koma kacitini ka Corolla sikangalowe mu X-Trail. Mtundu uliwonse wa motoka unafunika wakewake, woyesedwa bwino asanauike. Conco anthu anali kulandira kalata yowauza kuti m'motoka mwawo muli cinthu cokhoza kuwapha, ndipo kalata yomweyo inali kuwauza kuti ayembekeze.

Mu November 2015 bungwe la boma la America loona za citetezo ca pamsewu, NHTSA, linakonza mzere. Mamotoka akale kwambiri ndiponso a m'madera otentha ndi a cinyezi anaikidwa patsogolo, ena pambuyo. Akatswiri awo anapeza kuti kumalo otentha mankhwala angayambe kukhala oopsa pakapita zaka 6 mpaka 9, pamene kumalo ozizira zingatenge zaka 15 mpaka 20. Ife tikawerenga zimenezi tiganize za Mfuwe, Luangwa, Siavonga ndi Chirundu m'mwezi wa October, ndi motoka ya 2004 imene yaimikidwa padzuwa zitseko zili zotseka.

Poyembekeza sipeya, makampani anayesa njira ziwiri za kanthawi, ndipo zonse ziwiri zikutikhudza. Yoyamba inali kucotsa kacitini kakale ndi kuikamo katsopano ka mtundu womwewo wa Takata, poganiza kuti katsopano kadzatenga zaka kasanawonongeke. Motoka yotere inafunika kubwereranso kaciwiri. Ndiye cifukwa cake mau akuti "inakonzedwa kale" ocokera kwa wogulitsa si okwanira. Njira yaciwiri inali kudula airbag ya kumbali ya wokwera ndi kumata kapepala kocenjeza kuti munthu asakhale pampando umenewo. Toyota inacita zimenezi ku America mu October 2014, ndipo ku Japan nakonso zinacitika. Tsopano mvetserani zimene zinatuluka ku New Zealand, dziko limene, monga ife, limagula mamotoka ambiri akale ku Japan. Mu 2016 akuluakulu a kumeneko anapeza kuti mamotoka ena anali kufika ali ndi airbag yodulidwa. Mwini wake wa ku Japan anaigulitsa sipeya isanabwere, ndipo wogula watsopano sanauzidwe kanthu. Misika imene amagulako a ku New Zealand ndi imodzimodzi imene amagulako amalonda a ku Lusaka.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Munthu wa ku Osaka kapena ku Florida anadandaula kuti mzere ndi wautali, koma dzina lake linali pamzere. Kalata ya recall imapita kwa mwini amene analembetsa motoka m'dziko limene inagulitsidwa ili yatsopano. Motoka ikafafanizidwa m'mabuku a ku Japan ndi kukwezedwa pa sitima ya pamadzi, kalatayo ilibe kopita. Corolla, RunX, Allex, Vitz, Noah, Honda Fit ndi Nissan X-Trail za zaka zina zinali pa mndandanda wa ku Japan. Si zonse, ndipo zimene zinacoka kumeneko mocedwa mwina zinakonzedwa. Koma motoka imene inafika ku Katete mu 2011, recall yake nkulengezedwa mu 2015, palibe kalata imene inailondola.

Cinthu coyamba tsono ndi kudzilowetsa tokha pamzere. Nambala ya chassis ili pa white book ndiponso pa kacitsulo ka pafupi ndi injini kapena pa citseko. Makampani a ku Japan ali ndi masamba pa intaneti pamene munthu amalemba nambalayo ndi kuona ngati pali recall imene siinacitidwe. Masambawo ambiri ali m'Cijapanizi, koma acinyamata a m'parishi amene ali ndi mafoni adziwa kuwamasulira. Mukapeza kuti motoka ili pa mndandanda, imbani foni ku galaji yoimira kampaniyo muno m'Zambia musanayambe ulendo. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo kuwotcha mafuta onsewo kuti mukauzidwe kuti sipeya siinafike ndi kutaya matumba angapo a cimanga. Pemphani kuti alembe dzina lanu, nambala ya chassis ndi tsiku, ndipo akupatseni pepala kapena uthenga wa pafoni wosonyeza zimenezo. Funsaninso funso limodzi lofunika: kodi airbag yolakwika ndi ya woyendetsa, ya wokwera, kapena zonse ziwiri? Ngati akukanani ponena kuti motoka siinagulidwe kwa iwo, kukanako nakonso akulembereni. Ndi pepala limenelo mungapite ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe loteteza ogula limene likugwira nchito pansi pa lamulo la mu 2010.

Ngati vuto lili kumbali ya wokwera, mpando wa kutsogolo ukhale wopanda munthu kufikira sipeya itabwera. Tidziwa kuti izi nzovuta kwa ife. Mpando umenewo ndi wa ulemu. Ndi pamene timakhazika abambo a parishi, amfumu, apongozi, mai wodwala amene tikuthamangira naye ku cipatala. Pa mataxi a kumidzi pamakhala anthu awiri, wina ali ndi mwana pamiyendo. Kuuza munthu wamkulu kuti akhale kumbuyo pamodzi ndi ana kumaoneka ngati mwano. Koma ndi bwino kuti akatekisiti afotokoze nkhaniyi pa zilengezo za pa Sande, kuti akulu akapemphedwa kukhala kumbuyo adziwe kuti akusungidwa, osati kunyozedwa.

Ngati vuto lili pa ciwongolero, sitikunamizani, palibe njira yokoma. Woyendetsa sangakhale kumbuyo. Cimene cingatheke ndi kucepetsa maulendo, kupewa kuyenda usiku pamene ng'ombe ndi njinga zimatulukira mwadzidzidzi, ndi kumanga lamba nthawi zonse, podziwa kuti airbag imaphulika pokhapokha motoka ikagunda. Koma pali gulu lina limene silifuna kukambirana. Ma airbag akale kwambiri ochedwa Alpha, amene anali mu Honda zina za 2001 mpaka 2003, anapezeka poyesa mu 2016 kuti mwa awiri aliwonse imodzi ikhoza kung'ambika. Mu January 2018 Ford inauza eni a Ranger zina za 2006 ku America kuti aleke kuziyendetsa nthawi yomweyo, ndipo mu February 2023 Honda inaperekanso lamulo lotere. Motoka yanu ikakhala ndi cenjezo la mtundu umenewu, iime. Tikudziwa kuti motoka ya parishi ndiyo ambulansi ya midzi khumi, ndiponso kuti mlimi amene aimika motoka m'nyengo yogulitsa mbewu ataya msika. Komabe kubwereka motoka ya mnzanu kwa miyezi iwiri kuli ndi mtengo wodziwika.

Pali mayesero awiri amene amabwera munthu akatopa ndi kuyembekeza. Oyamba ndi kupita kwa makanika wa pansi pa mtengo kuti adule mawaya. Boma la America silinalimbikitse zimenezi, cifukwa ngakhale ma airbag a Takata ambiri amafufuma bwino pangozi, ndipo amene wadula alibe comuteteza. Ndiponso kacitini kameneko ndi kophulika, si kocezera ndi sipanala. Aciwiri ndi kugula airbag yocotsedwa pa motoka yowonongeka, imene imapezeka mosavuta kwa ogulitsa masipeya akale. Ku Las Vegas mu 2017 mtsikana wina analasidwa pakhosi m'motoka ya Honda Accord imene inaikidwa kacitini kocokera pa motoka ina ya m'zitsulo zakutha. Kacitiniko kanali pa recall, koma palibe amene akanadziwa, cifukwa nambala ya motoka imene kanaikidwamo inali ina. Airbag ya salaula ingakhale yoipa kuposa imene mwacotsa.

Mtolo wonsewu suyenera kukhala pa mlimi yekha. Maiko ena anasonyeza zimene boma lingacite. Kuyambira mu May 2018 dziko la Japan linakana kupereka fitinesi kwa mamotoka a ma airbag oopsa kwambiri amene sanakonzedwe. New Zealand mu April 2018 inalamula kuti mamotoka pafupifupi 50,000 a mtundu wa Alpha akonzedwe, ogulidwa atsopano ndi akale omwe, ndipo inaletsa kulowetsa ena osakonzedwa. Ife tili nazo zipata ziwiri. Zambia Compulsory Standards Agency imafuna kuti motoka yakale iyesedwe isanacoke kumene ikugulidwa, ndipo tikufuna kuti pepala la kuyesako lizinena poyera ngati pali recall yotsala ndiponso ngati airbag ndi yolumikizidwa. RTSA ili ndi maina a eni mamotoka ndi manambala a chassis, ndiye kuti ndiyo ingathe kutumiza uthenga umene kalata ya ku Japan inalephera kufikitsa.

Koma ticenjeze pa cinthu cimodzi. Kukana fitinesi ndi cida cabwino pokhapo sipeya ilipo. A ku Japan anacita zimenezo patapita zaka zingapo ciyambire recall, magalaji ali m'tauni iliyonse. Kutengera lamulo lotere kuno masipeya asanafike ndi kulanga munthu amene sanalakwe, ndipo mapeto ake tonse tiwadziwa: mapepala adzagulidwa kuseri, motoka nkumayendabe ndi kacitini komweko. Coyamba makampani awerengetse mamotoka okhudzidwa, abweretse masipeya, ndipo awatengere kumene kuli anthu. Ku America a Honda anatumiza anthu khomo ndi khomo kufunafuna eni mamotoka akale. Kusintha kacitini si nchito ya tsiku lonse. Gulu la amakanika lingathe kuima pa bwalo la cionetsero ca zaulimi ku Chipata, ku Petauke kapena ku Lundazi kwa sabata imodzi pambuyo pa kukolola, ngati lauzidwa pasadakhale manambala a mamotoka amene adzabwera. Makhonsolo a maparishi ndi makopaletivi a alimi ndiwo angasonkhanitse manambalawo, cifukwa kalata imodzi yokhala ndi mamotoka 40 imayankhidwa msanga kuposa foni ya munthu mmodzi wa ku Chadiza.