M'khola la Finch Mulibe Chilala

Finch ndi timbalame tating'ono todya njere za udzu, ta mlomo waufupi koma wolimba, tooneka ngati mpheta. Pa mitundu yambirimbiri yomwe ilipo, anthu oweta mbalame amakonda itatu. Zebra finch kwawo ndi kumadera ouma a Australia. Yaimuna imadziwika ndi masaya a mtundu wa lalanje, mizere yakuda ndi yoyera pakhosi komanso mlomo wofiira, pomwe yaikazi ndi yotuwa basi. Gouldian finch, ya kumpoto kwa dziko lomwelo, inapatsidwa dzinali ndi John Gould mu 1844 pokumbukira mkazi wake Elizabeth, yemwe ankajambula mbalame za m'mabuku ake ndipo anamwalira mu 1841. Yachitatu, Bengalese finch, simungaipeze kuthengo: ndi chiweto chomwe anthu a ku Japan akhala akusunga kwa zaka zoposa 200, ndipo makolo ake ndi mbalame ya ku Asia yotchedwa white-rumped munia. Australia inaletsa kutulutsa mbalame zake zachilengedwe kunja mu 1960, choncho zebra ndi Gouldian zomwe zili m'makola a ku Britain kapena ku South Africa lero zinaswedwera m'khola, monganso makolo azo.

Khola la panja limaposa kakhola ka m'nyumba chifukwa mbalame zimauluka mokwanira, zimaothera dzuwa, ndipo zimasankhana zokha. Kutalika kwa khola n'kofunika kuposa kukwera kwake, popeza finch imauluka chopingasa. Mitengo yoterapo iikidwe kumapeto awiri a khola, pakati pakhale pongouluka. Gawo lina, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, lifoleredwe ndi kutchingidwa mbali zitatu, ndipo zisa ndi chakudya zikhale kumeneko. Kuzizira pakokha sikupha zebra kawirikawiri. Chomwe chimapha ndi mphepo yowomba mbalame yonyowa. Kumadera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje, mbali yomwe mphepo ya June ndi July imachokera ndiyo yoyenera khoma. Pakhomo pakhale zitseko ziwiri zotsatizana, kuti woweta atseke cha kunja asanatsegule cha m'kati. Finch ikapulumuka sibwerera ngati nkhunda.

Waya wa mabowo a mamilimita 12 amatsekereza mbalame, koma mbewa yaing'ono imadutsa, ndiye amene angakwanitse agule wa mamilimita 6. Waya watsopano amakhala ndi zinki yemwe amadwalitsa mbalame zikamamujompha, n'chifukwa chake oweta amayamba amutsuka ndi viniga n'kumusiya panja kuti avumbwe. Pansi pakhale simenti, apo ayi waya akwiriridwe mozama kuzungulira khola lonse, chifukwa khoswe amakumba. Adani ena safunikira n'kulowa komwe. Mphaka akayenda padenga usiku, kapena kadzidzi akatera pafupi, mbalame zimadzidzimuka mumdima, kuwombana ndi waya, ndipo yomwe imafungatira mazira sibwereranso m'chisa mpaka kuche. Pofika m'mawa mazira azizira. Kababu kowala pang'ono kosiyidwa usiku wonse kamathandiza kuti zipeze pobwerera. Kuno kwathu pamndandandawu tiwonjezerepo njoka ndi linthumbu, lomwe limatha kumaliza chisa cha ana usiku umodzi.

Zisa zikhale zambiri kuposa mabanja a mbalame, ndipo zipachikidwe pamsinkhu wofanana, chifukwa chisa chapamwamba kwambiri ndicho chimayambitsa ndewu. Kabokosi kamatabwa kapena kadengu koluka kamakwanira. Zomangira ndi udzu wouma wofewa kapena ulusi wa chikoko cha kokonati. Ulusi wosokera ndi thonje zimakola miyendo ya ana mpaka kuidula. Zebra ili ndi khalidwe limodzi lokwiyitsa: zomangira zikakhala zikupezekabe, yaimuna imapitiriza kumanga pamwamba pa mazira, yaikazi n'kuikiranso ena pamwambapo, ndipo apansi amaola. Mankhwala ake n'kuchotsa udzu wonse wotsala dzira loyamba likangooneka.

Yaikazi imaikira dzira limodzi patsiku mpaka akwane anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi. Makolo onse awiri amasinthana kufungatira kwa masiku 12 mpaka 14. Pakatha sabata, dzira lamoyo likaunikidwa ndi tochi limaonetsa timitsempha tofiira, pomwe lopanda mwana limangowala mbee. Ana amaswedwa opanda nthenga, maso otseka, koma m'kamwa mwawo muli mawanga omwe amatsogolera kholo podyetsa mumdima wa chisa. Ana a Gouldian ali ndi timatuza ta buluu m'mbali mwa mlomo tomwe timanyezimira kuwala kukatigunda. Khungu la pakhosi n'lopyapyala moti njere zimaoneka m'chithokomiro, ndipo umu ndi momwe woweta amadziwira madzulo kuti mwana wadyetsedwa. Pakatha masabata atatu ana a zebra amatuluka m'chisa ali ndi milomo yakuda, ndipo amayamba kudzidyetsa okha akamakwanitsa masabata asanu. Amphongo asachotsedwe msanga, poti nyimbo amaiphunzira kwa bambo awo. Luso lophunzira kuimbali ndilo lapangitsa zebra kukhala mbalame yofufuzidwa kwambiri ndi asayansi. Mu 2016 Mylene Mariette ndi Katherine Buchanan anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti kukatentha kupyola madigiri 26, makolo amalirira mazira awo mwanjira yapadera, ndipo ana omwe anamva kulirako amakula ocheperako thupi, zomwe zimawathandiza kupirira kutentha.

Chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi njere zing'onozing'ono za mtundu wa mawere ndi mchewere, koma njere zouma zokha sizikwanira kulerera ana. Nthawi yoswana pamafunika dzira lophika lophwanyidwa, masamba, ngala za udzu zosakhwima ndi njere zomeretsa. Zonsezi zimasasa msanga kukatentha, ndiye zichotsedwe pakatha maola ochepa. Yaikazi imafunanso kashiamu, yemwe amapezeka m'zikamba za mazira zowiritsa ndi kusinja. Ikamuperewera dzira limakakamira m'mimba. Imapezeka m'mawa ili pansi, nthenga zili nyankhalala, mchira ukugwedezeka, ndipo ikapanda kuikidwa pofunda msanga imafa tsiku lomwelo.

Apa ndi pomwe pagona vuto lalikulu la ulimiwu, ndipo oyamba kumene ambiri saliona chifukwa limabwera ngati mwayi. Kuthengo zebra imaswana mvula ikagwa ndipo udzu ukabereka. Chilala chikafika imaleka. Thupi lake linazolowera kuthamangira mpata, moti mwana wa miyezi itatu amakhala atakhwima kale. M'khola madzi ndi njere sizitha, choncho kwa mbalameyo dzinja silitha. Imaikira, kulera, n'kuikiranso ana oyamba asanaleke kupempha chakudya, mpaka yaikazi itatheratu mphamvu. Chilala chiyenera kubwera ndi mwini khola. Banja likalera kawiri kapena katatu pachaka, zisa zonse zichotsedwe, dzira lophika lileke, ndipo ngati n'kotheka zazimuna ndi zazikazi zipatulidwe kwa miyezi ingapo. Yaikazi isaloledwe kuikira isanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi, ndipo oweta osamala amadikira kupitirira apo. Woweta amene amanyadira kuchuluka kwa ana pachaka nthawi zambiri sawerenga zazikazi zomwe wakwirira.

Gouldian ndi yosiyana: sichedwa kudwala, imavutika ndi kuzizira, ndipo imagwidwa ndi tizilombo tokhala m'njira ya mpweya tomwe timaichititsa kupuma ndi kaphokoso ngati kakuthetheka. Ena amapereka mazira ake kwa Bengalese, yomwe imalera mwana aliyense wopezeka m'chisa chake. Njirayi imachulukitsa ana, koma oweta ambiri amaidandaula kuti imabisa makolo osadziwa kulera, omwe mbewu yawo imapitirira. Mbalame yatsopano iliyonse isungidwe payokha kwa mwezi wathunthu isanalowe m'khola. Ana avekedwe timphete ta manambala kumwendo ali ndi sabata limodzi, mwendo usanakule, kuti m'bale ndi mlongo wake asadzakwatirane osadziwika.

Abale a mbalamezi ali ponseponse m'Malawi, monga blue waxbill, red-billed firefinch ndi bronze mannikin, ndipo ku Ulaya ankagulitsidwa ochuluka mpaka European Union italetsa kulowetsa mbalame zogwidwa kuthengo mu 2005, chiletso chomwe chinakhazikika mu 2007. Mitundu ina mwa iyi imalerera ana ake tizilombo tamoyo monga chiswe, ndipo popanda tizilomboti makolo amataya ana kunja kwa chisa. Kuigwira ndi ulimbo n'kuitsekera m'khola si nkhani ya chifuniro cha munthu: nyama ndi mbalame zakuthengo zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, ndipo wofuna kuzisunga ayenera kuyamba wafunsa za chilolezo ku dipatimenti yoona za nyama zakuthengo.